Zimene Titan Ankabisa Pansi pa Bulangete

Mufoni mwanga muli chithunzi chimodzi chimene ndimakonda kupusitsa nacho anthu. N'chakuda ndi choyera, chamathothomathotho ngati cha pa wailesi yakanema yosagwira bwino. Pakati pake pakuyenda kamzere kakuda bii, kokhotakhota pang'ono, ndipo timizere tina tikulowa m'kamzereko kuchokera uku ndi uku ngati mitsempha ya tsamba la fodya. Kumapeto kwake kamzereko kakuthera m'chinthu chachikulu chakuda, chokhala ndi magombe odyekadyeka. Ndimapatsa munthu foniyo n'kumufunsa kuti, "Mtsinje uwu ndi uti?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakayikapo zoti ndi mtsinje. Onse amangoyamba kutchula maina: wina Shire, wina Luangwa, wina amene ankakhoza jogalafe kusukulu amati Nile. Ndikawauza kuti mtsinjewu uli pa mtunda wa makilomita oposa 1 biliyoni kuchokera pamene takhalapo, ndiponso kuti mulibe ngakhale dontho limodzi la madzi, amandiyang'ana ngati ndalawirira kachasu m'mamawa.

Ndikatero ndimatsegula chithunzi chachiwiri. N'cha malo omwewo, koma cha mu 1980. Ndi mpira wachikasu chofiirira, wosalala see, wopanda phiri, wopanda chigwa, wopanda ngakhale chipsera. Lalanje lenileni lili bwino, poti lili ndi timaenje pakhungu. Ameneyu ndiye Titan, mwezi waukulu kwambiri wa pulaneti la Saturn, monga mmene dziko lonse linkamudziwira kwa zaka 24. Mmene lalanje lopanda nkhopeli linasandukira dziko la mitsinje, nyanja ndi magombe ndi nkhani imene ndikaiyamba, tiyi amandizizirira m'kapu.

Tiyambe ndi manyazi a mu 1980, chifukwa analipo ndithu. Chombo cha Voyager 1 chinanyamuka ku Florida mu 1977, ndipo akatswiri a bungwe la NASA anali pamphambano. Akanatha kuchilunjikitsa kuti chikadutsa Saturn chipitirire mpaka ku Pluto, kumene kunali kusanafikepo chombo chilichonse. Apo ayi, akanachikhotetsa kuti chikadutse pafupi kwambiri ndi Titan, koma potero chikanaponyedwa kunja kwa njira imene mapulaneti amayendamo, osadzakumananso ndi pulaneti lina mpaka kalekale. Anasankha Titan, ndipo sitingawanene. Kuyambira mu 1655 pamene Christiaan Huygens wa ku Netherlands anamuona koyamba, Titan anali kadontho chabe ka kuwala, koma mu 1944 Gerard Kuiper anapeza kuti kadonthoka kazunguliridwa ndi mpweya wa methane. Mwezi wokhala ndi mlengalenga wakewake! Wathu uja alibe. Choncho pa 12 Novembala 1980 Voyager 1 anadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6,500 kuchokera pa Titan, makamera ali tcheru. Zithunzi zitafika kwa akatswiri a NASA ku Pasadena, zonse zinali chifunga chokhachokha, mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anthu anali atagulitsa Pluto n'kugula lalanje. Pluto anachita kudikira mlendo wake mpaka 2015.

Komabe chombocho sichinadutse chimanjamanja. Pamene chinkazimirira kuseri kwa Titan, mafunde a wailesi amene chinkatumiza kuno anapyola mumpweya wa mweziwo, ndipo mmene anapindikira anaulula zinthu zingapo. Choyamba chinali choseketsa: Titan, amene ankatamandidwa kuti ndiye mwezi waukulu kuposa yonse, anapezeka kuti ankanenepa ndi zovala. Anthu ankamuyeza pamodzi ndi bulangete lake. Atachotsera chifungacho, anatsala ndi makilomita 5,150 m'mimba mwake, ndipo ufumu unapita kwa Ganymede wa pulaneti la Jupiter. Ngakhale zili choncho, Titan ndi wamkulu kuposa pulaneti la Mercury. Chachiwiri, mpweya wake wambiri ndi nayitrojeni, ngati wathu womwewu, ndipo pansi umapanikiza kuposa wathu ndi theka. Chachitatu ndicho chinasowetsa anthu tulo: pansi pa Titan pamazizira madigiri 179 kunsi kwa ziro.

Pa kuzizira kotere madzi amauma gwa ngati mwala wa mphero. Koma methane, mpweya womwe uja umatuluka ndowe zikamawola ndipo ena amaphikira, pa kuzizira kumeneku amatha kusungunuka n'kumayenda ngati madzi, kuuluka ngati nthunzi, n'kupanganso mitambo. Ndiye kuti ku Titan methane angathe kugwira ntchito imene madzi amagwira kuno. Kodi kumagwa mvula? Kodi kuli nyanja? Mu 1983 Jonathan Lunine, David Stevenson ndi Yuk Yung analemba kuti mwina mwezi wonsewo unamira m'nyanja ya ethane, mbale wake wa methane, yakuya pafupifupi kilomita imodzi. Mu 1994 telesikopu ya Hubble inasuzumira ndi kuwala kumene maso athu saona, n'kupeza chigamba chowala chachikulu ngati dziko la Australia, chimene anadzachitcha Xanadu. Ndiye kuti mtunda uliko. Koma chigamba si mapu. Kusadziwa kunali kwakukulu moti amene ankapanga kachombo kokatera pa Titan anakapanga koti kathe kuyandama, poopa kuti kangakagwere m'nyanja. Zili ngati munthu wopita kudziko lachilendo atanyamula khasu kudzanja lino, nkhafi kudzanja linalo.

Chifunga chimenechi si cha m'mawa choti dzuwa likakwera chibalalika. Dzuwa lomwelo ndilo limachipanga. Kuwala kwake kumaphwanya methane kumwamba kwenikweni, tizidutswato n'kumagwirana ndi nayitrojeni mpaka kupanga utsi wonata ngati phula, umene umalenjekeka mumlengalenga makilomita mazanamazana. Kudikira kuti kuyere kunali kudikira dzira la tambala.

Mankhwala ake anabwera ndi chombo cha Cassini, chimene NASA inapanga mogwirizana ndi bungwe la zakuthambo la ku Ulaya la ESA ndi la ku Italy. Chinanyamuka pa 15 Okutobala 1997, ndipo roketi imene inachinyamula dzina lake linalinso Titan, ngati kuti wina ankachita nthabwala. Chinafika ku Saturn pa 1 Julayi 2004. Pamutu pake chinasenza chimbale choyera cha mamita 4 m'mimba mwake, chopangidwa ku Italy. Ntchito yoyamba ya chimbalechi inali yolankhulana ndi dziko lapansi. Ntchito yachiwiri ndiyo mwini nkhani yathu: chinali radar.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa amene sanamvetse mmene radar imaonera sangamve kukoma kwa zimene zinatsatira. Radar siona, imamvetsera. Imachita zomwe mleme umachita usiku: kukuwa, kenako kutchera khutu kuti imve mmene mawu ake akubwererera. Ya Cassini inkakuwa ndi mafunde a wailesi otalika masentimita awiri okha, ndipo kwa mafunde amenewa utsi wa Titan uli ngati palibe, amangopyola. Sinkakuwira pansi penipeni, inkakuwira chammbali. Mafundewo akagwera pamalo a miyala, okumbikakumbika, amamwazikira mbali zonse, ena n'kubwerera kuchimbale kuja, ndipo malowo amatuluka owala pachithunzi. Akagwera pamalo osalala, amachita ngati kuwala kwa tochi pagalasi lopendekeka: amanjanja n'kupitirira kutsogolo, osabwerera ngakhale limodzi. Malo amenewo amatuluka akuda. Ndiye kuti kuda kwa pachithunzi cha radar si mtundu wa nthaka ayi. Ndi chete. Ndi pamene radar inaitana koma osayankhidwa. Ndipo m'chilengedwe chinthu chosalala kwambiri, chokana kuyankha chotere, kawirikawiri chimakhala chamadzimadzi chimene chili phee.

Vuto linali loti Cassini ankazungulira Saturn, osati Titan. Pa Titan ankangodutsa ngati basi yosaima pasiteji, ndipo pa kudutsa kulikonse radar inkajambula kachingwe kamodzi kokha, kakatali koma kopyapyala. Komanso si ulendo uliwonse umene radar inkapatsidwa mpata. Zipangizo za Cassini zinamangiriridwa pathupi pake, moti kuti chimodzi chiyang'ane Titan, chombo chonse chinkayenera kutembenuka, zinazo n'kuyang'ana kumbali. Magulu a asayansi ankachita kugawana maulendowo ngati ndiwo zochepa pamaliro. M'zaka 13 Cassini anadutsa pafupi ndi Titan maulendo 127, ndipo mapu anachita kusokedwa chigamba ndi chigamba. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Radar isanafike patali, kachombo kaja kokatera pa Titan, kotchedwa Huygens, kanalanda bwalo kwa tsiku limodzi. Cassini anakamasula pa Khirisimasi mu 2004, ndipo pa 14 Januwale 2005 kanalowa m'chifunga chija. Kanatsika ndi parachuti kwa maola pafupifupi awiri ndi theka, akatswiri a ESA ku Darmstadt m'dziko la Germany mitima ili m'mwamba. Theka la zithunzi linatayika chifukwa m'malangizo amene anatumizidwa kwa Cassini munasowa lamulo limodzi loyatsa chimodzi mwa zolandirira mauthenga ziwiri. Tangoganizani, ulendo wa zaka 7, n'kuiwala kuyatsa wailesi! Koma zithunzi pafupifupi 350 zimene zinapulumuka zinali zokwanira. Kachomboko katatsika kunsi kwa utsi, kamera inaona mapiri owala, ndipo pamapiripo panali makwawa akuda, nthambi kulowa m'nthambi, onse akutsetserekera kuchigwa chakuda chokhala ngati gombe. Katatera, kanajambula chithunzi chimene ine ndimachikonda mwapadera: pansi ponyowa ngati mchenga wa kudambo, ndipo pamchengapo pali mbwee timiyala tozungulira, tosalala, tina tangati chibakera. Nsangalabwi. Aliyense amene anasambapo kumtsinje amadziwa kuti mwala subadwa wozungulira, umachita kukunkhunizidwa. Kusiyana kwake n'koti nsangalabwi za ku Titan n'za ayezi.

Koma madzi ake, kapena tinene kuti methane wake, anali kuti? Makwawa analipo, nsangalabwi zinalipo, chinyontho chinalipo, koma dziwe ngakhale limodzi silinaoneke. Mu Febuluwale 2005 radar inajambula ngalande zina pafupi ndi chidzenje chachikulu cha Menrva, ndipo zinali zowala mbee, kusonyeza kuti n'zouma, zodzaza miyala. Chaka chomwecho m'magazini ya sayansi ya Nature munatuluka nkhani ya akatswiri amene anafufuza kunyezimira kwa nyanja pa Titan ndi matelesikopu a pansi pano n'kukusowa, ndipo mutu wake unanena mosapsatira kuti kulibe nyanja. M'malo mwa nyanja, radar inayamba kupeza milu ya mchenga wakuda, yotalika mamita pafupifupi 100 kupita m'mwamba, yondandalikana makilomita mazanamazana ngati mizere ya m'munda wa chiwanda, yofanana ndi ya m'chipululu cha Namib. Mu Epulo 2006 inadutsa pa Xanadu n'kuona mitsinje yambiri yopota pakati pa mapiri, koma nayonso sinaonetse kuti muli kanthu. Zinkaoneka ngati tachedwa, phwando linatha kalekale, tapeza mbale zokhazokha ngati ku Mars.

Cholakwika chinali malo. Huygens anatera cha pakati pa Titan, ndipo maulendo oyamba a radar ankadutsanso komweko. Kumeneko n'kuchipululu. Zinali ngati mlendo wochokera kuthambo atatera pakati pa Sahara n'kulembera kwawo kuti dziko lapansi n'louma.

Pa 22 Julayi 2006 radar inapatsidwa ulendo wodutsa kumpoto kwenikweni kwa Titan. Kumeneko inali nyengo yachisanu, usiku wa zaka zingapo, moti kamera ikanangojambula mdima. Koma mleme ulibe nazo ntchito za dzuwa. Kachingwe ka tsikulo katafika, kanali ndi mabanga akuda bii oposa 75, ena a makilomita atatu, ena mpaka 70, ena okhala ndi ngalande zolowamo, ena ozunguliridwa ndi magombe otsetsereka. Radar inaitana, ndipo malo 75 anakhala chete! Ellen Stofan ndi anzake analengeza m'magazini yomwe ija ya Nature mu Januwale 2007 kuti Titan ali ndi nyanja. Maulendo otsatira anavundukula zazikulu zenizeni: Kraken Mare, yoposa nyanja ya Caspian, Ligeia Mare, ya masikweya kilomita pafupifupi 126,000, kutanthauza kuti nyanja ya Malawi ingalowemo kanayi, ndi Punga Mare, yaing'ono pa zitatuzi. Mu Julayi 2009, dzuwa litayamba kubwerera kumpotoko, chipangizo china cha Cassini chinagwira kadontho kowala pamutu pa Titan. Kanali kunyezimira kwa dzuwa panyanja, kumene anthu anakusaka zaka zambiri osakupeza. Kupatula dziko lathu, palibenso malo ena odziwika amene ali ndi nyanja zoyang'ana kumwamba chonchi.

Tsopano tafika pa chithunzi cha mufoni mwanga chija. Chinajambulidwa pa 26 Seputembala 2012 ndipo chinatulutsidwa mu Disembala chaka chomwecho. Mtsinjewo anautcha Vid Flumina, ndipo umayenda makilomita oposa 400 kukathira mu Ligeia Mare. Chimene chinadumphitsa anthu n'choti ndi wakuda kuyambira kumtunda mpaka kumatsiriro, wakuda ngati nyanja imene ukuthiramo. Olemba nkhani anathamangira kuutcha Nile wamng'ono. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kuukometsera, poti Nile amaposa makilomita 6,000. Anthu anga amene amayankha kuti Shire ndiwo amayandikira, chifukwa Shire nayenso ndi wa makilomita pafupifupi 400. Jani Radebaugh, mmodzi wa asayansi a gulu la radar, anaona kuti chigwa cha Vid n'chowongoka ndithu, ndipo anati mtsinjewo uyenera kuti ukutsata mng'alu wa m'nthaka. Nayenso Shire amayenda m'chigwa chimene chinabadwa nthaka itang'ambika.

Koma asayansi ndi anthu ovuta kuwakhutiritsa, ndipo apa ndimawayamikira. Kuda kokha si umboni wokwanira, chifukwa matope osalala nawonso angathe kukhala chete. Yankho linabwera mu Meyi 2013, pamene Cassini anadutsa pamwamba penipeni pa Vid ndi Ligeia, radar italoza pansi tsopano, osati chammbali. Apa zinthu zimatembenuka. Galasi limene ukuliunikira chammbali limathawitsa kuwala, koma limene uli pamwamba pake limakubwezera kuwala konse m'maso. Malo omwe aja anali chete anayankha mofuula. Valerio Poggiali wa ku Rome ndi anzake anasanthula mayankhowo n'kulengeza mu 2016 kuti m'ngalande za Vid muli madzimadzi enieni, osalala ngati galasi. M'ngalande zazikulu ali pa msinkhu umodzi ndi nyanja, pamene m'timitsinje tina tothira mmenemo ali pamwamba ndi mamita makumi angapo, monga zimayenera kukhalira ngati zinthu zikutsetsereka. Anapezanso kuti ngalandezi si zongokanda pamwamba. Ndi zigwembe zakuya mamita 240 mpaka 570, zopapatiza kosakwana kilomita imodzi, makoma ake otsetsereka madigiri oposa 40. Kuti chigwembe chotere chikumbike m'thanthwe la ayezi, pamafunika chinthu choyenda, ndiponso nthawi yaitali zedi.

Ulendo womwewo unabweretsa mphatso ina imene palibe ankaiyembekezera. Marco Mastrogiuseppe, nayenso wa ku Rome, anaona kuti pamwamba pa Ligeia radar inkayankhidwa kawiri: yankho loyamba lamphamvu, kenako lina lofooka pambuyo pake. Loyamba linkachokera pamwamba pa nyanja. Lachiwiri linkachokera pansi pake. Mafundewo anali atalowa m'nyanjamo, kugunda pansi, n'kubwerera. Poyeza kampata ka pakati pa mayankho awiriwo, anapeza kuya kwa mamita pafupifupi 160. M'nyanja ya madzi zimenezi sizikanatheka, chifukwa madzi amameza mafunde otere pompo. Kuti mafunde adutse chonchi, ndiye kuti mbali yaikulu ya Ligeia ndi methane, woyera mbee. Taonani kutalika kwa ulendo: mu 1980 sitinkatha kuona ngakhale nthaka ya mwezi umenewu, koma pofika 2013 munthu anali atayeza kuya kwa nyanja yake ali pampando ku Italy, wopanda bwato, wopanda chingwe.

Nanga mitsinjeyi imadzaza bwanji? Ndi mvula, monga kwathu. Methane amauluka, amapanga mitambo, amagwa. Mu 2010 Cassini anaona chimtambo chooneka ngati mutu wa muvi cha pakati pa Titan, ndipo chitadutsa, dera la masikweya kilomita pafupifupi 500,000 linada, kenako n'kuyamba kuyeranso pang'onopang'ono, ndendende mmene bwalo limachitira mvula ikakata. Kungoti zonse kumeneko zimachitika mwaulesi. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi gawo limodzi mwa magawo 7 a yathu, ndipo mpweya ndi wokhuthala, choncho akatswiri amawerengera kuti madontho amatha kukula kufika sentimita imodzi n'kumatsika mwapang'onopang'ono ngati nthenga. Tsiku limodzi la Titan ndi masiku athu 16. Chaka chake ndi zaka zathu 29 ndi theka, kotero nyengo iliyonse imatha zaka zoposa 7. Malo amodzi angathe kukhala nthawi yaitali osalandira dontho, kenako n'kubwera chimvula chokokolola nsangalabwi zija.

Chimene chimandikomera koposa n'choti kumeneko zonse n'zosinthanitsa koma maonekedwe ake ndi athu omwewa. Chimene ife timamwa, kumeneko ndi thanthwe. Chimene ife timaphikira, kumeneko ndi mvula. Mchenga wake si wa miyala, ukuoneka kuti ndi mwaye wogwa kuchokera m'chifunga chija. Komabe chamadzimadzi chikagwera paphiri chimafuna kotsika, timakwawa tiwiri timakumana n'kupanga khwawa limodzi, makwawa n'kupanga mtsinje, mtsinje n'kukafuna nyanja. Amene anati madzi saiwala khwawa sankadziwa kuti mwambi wawo ukugwiranso ntchito kuseri kwa Saturn, kumene madziwo si madzi n'komwe. N'chifukwa chake munthu amene sanamvepo dzina la Cassini amangoona chithunzi chija kamodzi n'kunena kuti mtsinje.

Pali funso limene silisowa ndikafotokoza zimenezi: nanga wina atayatsa machesi? Palibe chingachitike. Moto umafuna okosijeni, ndipo mumpweya wa Titan mulibe. Mungathe kuponya muuni mu Kraken Mare, ungozima. Kumeneko chinthu choopsa choti n'kuchisunga kutali ndi ana chikanakhala botolo la mpweya umene tikupumawu.

Si zonse zimene zinalongosoka, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi siizizira. Mu Julayi 2013 radar inaona chinthu chowala mu Ligeia Mare pamalo pamene kale panali pakuda, ndipo itabwereranso chinali chitazimirira. Jason Hofgartner wa ku yunivesite ya Cornell ndi anzake anachifufuza, ndipo dzina limene linamamatira ndi loti chilumba chamatsenga. Ena amati anali mafunde, ena amati thovu la nayitrojeni lotumphuka pansi, ena amati zinthu zoyandama. Chinanso n'choti mitsinje yambiri ya Titan ikafika kunyanja siunjika matope pamatsiriro ngati mmene Zambezi kapena Nile amachitira, imangolowa mwakachetechete. Cassini sanakhalitse kuti amalize milanduyi. Anadutsa pafupi ndi Titan komaliza pa 22 Epulo 2017, ndipo pa 15 Seputembala chaka chomwecho anamulowetsa dala mumpweya wa Saturn kuti apsere momwemo. Mu 2019 Rosaly Lopes, mayi wobadwira ku Brazil, ndi anzake analumikiza zigamba zonse n'kutulutsa mapu oyamba a nthaka ya Titan yense: zigwa, milu ya mchenga, mapiri, zidzenje, nyanja. Ndikaika mapu amenewo pambali pa lalanje la mu 1980 ndimaseka ndekha. Tsopano NASA ikukonza chombo chotchedwa Dragonfly, chouluka ndi mapiko ozungulira 8, choti chinyamuke mu 2028 n'kukafika mu 2034. Chidzatera kumilu ya mchenga pafupi ndi chidzenje cha Selk, chifukwa pa nthawiyo kumpoto kudzakhala kutabwereranso mumdima wachisanu.

Malo akaoneka amafuna maina, ndipo bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union lili ndi dongosolo lake. Nyanja zikuluzikulu za Titan zimatchedwa maina a zilombo ndi zolengedwa za m'madzi za m'nthano. Mitsinje imatenga maina a mitsinje ya m'nthano. Vid anachokera m'nthano zakale za anthu a kumpoto kwa Ulaya. Mapiri amatenga maina a mapiri a m'mabuku a J.R.R. Tolkien. Koma tinyanja ting'onoting'ono timatchedwa maina a nyanja zenizeni za pansi pano. Kuli Ontario Lacus kummwera. Kumpoto kuli Kivu Lacus, Rukwa Lacus ndi Mweru Lacus. Ndipo pakati pa tinyanja ta kumpotoko pali kena ka makilomita pafupifupi 20, dzina lake Chilwa Lacus.

Inde, Chilwa wathu yemweyu wa ku Zomba. Dzinali linagwa pamalo pake, chifukwa Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo nthawi zina amauma, monga anachitira mu 1995. Tinyanja tambiri ta Titan natonso tilibe potulukira poonekera, ndipo pafupi nato pali maenje ena ofanana nato amene ali gwa, ouma. Tsiku lina ndinauza zimenezi bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Kachulu, amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi. Anatenga foniyo, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anaitembenuza. Anafunsa kuti kumazizira bwanji, ndinamuuza. Anafunsa ngati kuli anthu, ndinati ayi. Anakhala chete pang'ono, kenako anandibwezera foniyo.

"Ndiye kuti matemba ake palibe amene akuwakola, eti?" anatero.